Sikani ya pa tsaya

Glasgow, Novembala

Okondedwa achemwali,

Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba kuluma, ndipo ikamakwana 4 koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale. Usipa munatumiza uja unafika. Tsiku lomwelo ndinaukazinga ndi tomato, fungo n'kudzaza nyumba yonse mpaka pa masitepe. Mzungu wokalamba wa chipinda choyandikana nane anagogoda kudzafunsa ngati chinachake chapsa. Ndinamupatsa pang'ono alawe, ndipo mbale inabwera yotsukidwa.

Munandifunsa pa foni ngati ntchito yanga ikadali ija yojambula amayi oyembekezera. Ndi yomweyo, koma tsopano Lachinayi lililonse ndimakathandiza kwa madokotala a khungu, ndipo kumeneko sikani timaiika pa nkhope. Musaseke. Inenso tsiku loyamba ndinafunsa ngati pa tsaya pamakhalanso mwana. Chomwe timafuna kumeneko ndi kudziwa kuti khungu ndi lokhuthala bwanji.

Mukukumbukira tikupita kunkhuni m'mbali mwa phiri la Zomba, tinkafuula mayina athu phiri n'kutibwezera mawu? Likakhala thanthwe lapafupi mawu ankabwera msanga, likakhala lakutali ankachedwa. Makinawa nzeru yake ndi yomweyo. Kachipangizo kamene timagwira m'manja kamatulutsa kaphokoso kosamveka ndi khutu la munthu, konga ka mleme, kenako kamamvetsera. Phokosolo limagunda pamwamba pa khungu n'kubwerera, lina limalowa n'kukagunda pamene khungu lathera ndipo mafuta ayambira, n'kubwereranso. M'mnofu wa munthu phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,540 pa sekondi, choncho kompyuta ikawerenga nthawi ya pakati pa kubwerera kuwiriko imadziwa kukhuthala kwake. Nthawiyo ndi yochepa zedi: sekondi imodzi muigawe ka 1,000,000, mutengepo magawo awiri okha.

Kusiyana kwake ndi sikani ya kusikelo n'kwakuti ya amayi oyembekezera imagwiritsa ntchito phokoso la 3 kapena 5 MHz, lomwe limalowa mozama koma siliona tinthu tating'ono. Ya khungu ndi ya 20 MHz kapena kuposa. Iyi siyifika patali, imathera pafupifupi pa sentimita imodzi, koma m'kadanga kameneko imaona bwino kwambiri.

Anzanga a kuno amanyadira makinawa ngati mwana wawo, ndipo sakunama. Sikani ya azamba inabadwira mumzinda uno. Dokotala Ian Donald anaona kuti m'mafakitale a m'mbali mwa mtsinje wa Clyde amisiri ankafufuza ming'alu m'zitsulo zowotcherera pogwiritsa ntchito phokoso. Mu 1955 anatenga zotupa zomwe anachotsa mwa odwala ake n'kupita nazo ku fakitale ina ku Renfrew kukaziyesa pa makina a zitsulowo. Mu 1958 iye ndi John MacVicar ndi injiniya Tom Brown analemba zomwe anapeza m'magazini ya The Lancet. Zoyeza khungu zinabwera pambuyo, mu 1979, pamene Alexander ndi Miller anaonetsa kuti n'zotheka popanda kucheka munthu. Mtsinje wa Clyde umenewu ndi womwe umadutsa pa Blantyre wa kuno, kwawo kwa Livingstone. Ndinakafikako mwezi watha, ndipo kunena zoona Blantyre wathu ndiye mzinda.

Chovuta pa ntchitoyi ndi dzanja. Pamimba tinazolowera kukanikiza kuti tione mutu wa mwana. Pa nkhope ukangokanikiza pang'ono khungu limaphwatalala ndipo nambala imanama. Umapaka mafuta a jelo ambiri ngati ukumata nyumba, kachipangizo n'kumangoyandama pamwamba pake, dzanja lili m'malere. Sabata yoyamba dokotala wamkulu ankangondigwira pachigongono n'kumati ndipepuze. Nthawi ya tsiku nayonso ili ndi mbali yake. M'mawa khungu la kumaso limakhala lokhuthalako chifukwa usiku madzi a m'thupi amakwera kumutu munthu akagona, ndipo masana amatsikira kumiyendo. Mayi ankati tikadzuka nkhope zathu zimakhala ngati mandasi, ndiye makina akuwavomereza.

Lachinayi lapitali wodwala wina sanabwere, ine ndi mnzanga wa ku Kerala tinayamba kuyezana. Achemwali, nkhope yonse imene timaisamalira chonchi, kuisambitsa, kuidzoza, kuiyang'ana pagalasi, khungu lake ndi milimita imodzi kapena mamilimita awiri basi. Tengani rula ya mwana wa sukulu muone timizere tating'ono tija. Pa tsaya langa panapezeka milimita imodzi ndi theka. Kunsonga kwa mphuno ndi pachibwano ndi pokhuthalako. Pa chikope cha diso ndiye popyapyala kuposa paliponse m'thupi, pafupifupi theka la milimita, pamene kumsana kumafika mamilimita anayi. Pa sikirini pamaoneka kamzere koyera pamwamba, ndiko kakhungu kakunja komwe kali ndi mtundu wathu wakudawu. Pansi pake pali gawo lowala lodzaza ndi ulusi wolimba wotchedwa kolajeni, kenako mafuta omwe amaoneka akuda. Ndinakhala chete ndikuyang'ana kamzere kapamwambako. Ndi kopyapyala ngati pepala la m'kope, ndipo langa ndi la mnzangayo pa sikirini simungazisiyanitse.

Anthu amabwera pa zifukwa zosiyanasiyana. Ena ali ndi kachotupa ka khansa ya pakhungu, ndipo dokotala akufuna adziwe kuti kalowa mozama bwanji asanacheke. Anthu a kuno khungu lawo silipirira dzuwa, mofanana ndi abale athu achialubino, ndipo ndikamawayeza ndimakumbukira mnyamata uja ankagulitsa nthochi pa depoti wopanda chipewa. Ena ali ndi matenda ouma khungu otchedwa scleroderma. Enanso ndi a ndalama zawo, ofuna kubayitsa mankhwala otupitsa masaya ndi milomo kuti makwinya achoke. Kwa amenewa sikani imathandiza kuona pomwe padutsa mtsempha wa magazi, chifukwa mankhwalawo akalowa mumtsempha khungu limatha kufa, nthawi zina munthu n'kuchita khungu m'maso. Ine zimandidabwitsabe kuti munthu n'kulipira kuti amubaye pa nkhope ali bwinobwino, koma ndimangogwira ntchito yanga.

Tsopano ndifike pomwe ndalembera kalatayi, chifukwa pa foni alamu amakhala pafupi ndipo sindinafune kuti mwana achite manyazi. Chithunzi cha pa chinkhoswe chija ndinachiona. Mwana wanu wamkazi nkhope yayera kuposa khosi ndi zala zake. Mwina inu mumamuona tsiku ndi tsiku ndiye simunazindikire, koma ine ndinadziwa nthawi yomweyo.

Mafuta ambiri oyeretsa khungu omwe amagulitsidwa m'misika amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Kuchipatala timawapereka pa matenda enieni a khungu, kwa masabata ochepa, ndipo amphamvu chotere timapewa kuwaika kumaso. Munthu akamawadzola miyezi ndi miyezi, thupi limachepetsa kupanga ulusi uja wa kolajeni, khungu n'kumapyapyala. Ndinayezapo mayi wina wa ku West Africa yemwe anawadzola zaka zambiri. Gawo lowala lija linali litaonda moti ndinabwereza kuyeza katatu poganiza kuti ndakanikiza. Mitsempha yake inkaonekera ndi maso, ndipo ankati akangodzikanda pang'ono magazi amatuluka, bala n'kuchedwa kupola. Ena mwa mafutawa ali ndi hydroquinone, yomwe kuno saloledwa kuiika m'zodzoladzola, ndipo ikakhalitsa imasiya zigamba zakuda bii m'masaya zovuta kuchotsa. Ena ali ndi mercury, yowononga impso.

Musamukalipire, achemwali. Ife tomwe tinkapaka zinthu zachilendo kumaso tili ku sekondale, ndipo mukudziwa yemwe ankabisa kabotolo m'thumba la chimanga. Musangomulandanso mafutawo tsiku limodzi, chifukwa munthu akasiya steroid mwadzidzidzi nkhope imafiira, kuyabwa ndi kutuluka ziphuphu, ndiye amathamangira kukagula ena poganiza kuti ndiwo mankhwala ake. Pamafunika kusiya pang'onopang'ono mothandizidwa ndi a chipatala. Mupite naye ku Zomba Central, kapena ku Queen Elizabeth ngati mungapeze ya basi, ndipo mutenge machubu onse kuti adokotala awerenge okha. Ndalama ya ulendo ndituma kumapeto kwa mwezi.

Mundijambulire machubuwo mbali zonse, makamaka kuli timalemba ting'onoting'ono, munditumizire pa WhatsApp. Ngati angalole, mumupatse foni Lamlungu masana ndilankhule naye ndekha. Ndimuonetsa chithunzi cha tsaya langa pa sikirini, aseke azakhali ake kaye.

Mundiuzenso ngati mvula yayamba komanso ngati feteleza mwapeza. Mayi muwauze kuti juzi yawo ndagula, yofiirira monga ananenera, ibwera ndi munthu pa Khirisimasi. Ufa wanditsalira wa masiku atatu okha.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku chisanu