Tauni Yosasunga Nkhalamba

Anzanga ku ofesi ana awo ali ku Joni, ena ku Leeds, ena ku Dublin. Amenewa ndi malo oti ukawatchula munthu amagwedeza mutu, kusonyeza kuti adawamvapo. Wanga wachisamba, mtsikana wa zaka 25, ali ku Longyearbyen pa zilumba za Svalbard, zomwe zili m'manja mwa dziko la Norway. Kuchoka pamenepo kukafika pansonga penipeni pa dziko lapansi chakumpoto ndi makilomita pafupifupi 1,300 okha. Adapita mu 2022 ndipo amaphika m'khitchini ya hotela ina. Chidamukokera kumeneko n'chakuti, kuchokera pa pangano lomwe maiko adasainirana mu 1920, boma la Norway silifunsa mlendo chiphaso chokhalira pa zilumbazo. Viza adaivutikira ndi yodutsira ku Oslo basi.

Miyezi ina wotchi yake ndi yanga zimaloza nthawi imodzi, koma thambo lathu ndi losiyana. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale dzuwa silituluka n'komwe. Amadzuka mu mdima, kupita kuntchito mu mdima, kudya nkhomaliro nyenyezi zili ngwee. Kenaka kuchokera kumapeto kwa Epulo mpaka mu Ogasiti dzuwalo limakana kulowa, moti pogona amachita kutchinga mawindo ndi nsalu zochindikala. Mayi anga, omwe amakhala ku Dedza ndipo amadzitama kuti kuzizira amakudziwa, atamva zimenezi adafunsa mdzukulu wawoyo pafoni: "Nanga iwe, tambala kumeneko amalira nthawi yanji?" Iye adaseka. "Agogo, kuno kulibe tambala. Ngakhale mtengo umodzi kulibe."

Za zimbalangondo zoyera sindikambapo zambiri. Munthu satuluka kunja kwa tauni popanda chodzitetezera, ndipo ambiri amanyamula mfuti. Mayi ake atamva zimenezi adasala kudya masiku awiri. Ine chilombo sichindisowetsa tulo kwenikweni, pakuti ndidakulira kumene fisi ankalira kuseri kwa khola.

Chimene chimandikhala pamtima ndi china. M'tauni imeneyi, ya anthu pafupifupi 2,500, mayi woyembekezera amamutumiza kumtunda ku Norway kutatsala masabata angapo kuti achire, chifukwa chipatala chake n'chaching'ono. Nkhalamba yofuna kuisamalira nayo imachoka. Amene walephera kudzidyetsa boma lingathe kumuuza kuti anyamule katundu. Maliro a m'bokosi adasiya kuika kalekale; nthaka yake ndi youma gwa ndi chisanu chaka chonse, mtembo suola msanga. Tsono taganizani inu: mudzi wanji umene mulibe mchombo wa munthu, mulibe gogo wokhala pakhonde, mulibe manda oti n'kukasesa? Kwathu munthu timamudziwa ndi kumene kudagwera mchombo wake ndi kumene kudagona makolo ake. Mwana wanga akukhala pamalo pomwe aliyense ndi wodutsa.

Mu Januwale 2024 adatisiya malume ake, mlongo wa mkazi wanga, amene adamulipirira fizi ya Fomu 3 chaka chomwe malipiro anga a m'boma sadakwane. Ulendo wochoka ku Longyearbyen kudzera ku Oslo ndi Addis Ababa mpaka pa Lilongwe umadya masiku awiri, ndipo mtengo wa tikiti yogula mwadzidzidzi sindiutchula. Maliro a kumudzi nthawi ya dzinja sadikira. Msuweni wake adagwira foni m'mwamba pamene adzukulu ankatsitsa bokosi, iye akumvera nyimbo pa WhatsApp ali m'chipinda chosungiramo mbatata ndi anyezi. Usiku adandiimbira. "Ababa, anthu anena chiyani za ine?" Ndidamuuza kuti chipepeso chake chafika ndipo amfumu achilengeza. Koma azakhali ake ena adalankhula ndithu, ati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mawu amenewo sindidamufikitsire.

Nthawi zina lamulo lomweli limanditonthoza. Tauni yosasunga nkhalamba siingandilande mwana mpaka kalekale. Tsiku lina adzachokako basi. Kaya adzalowera kuno kaya kwina, iye akuti sadaganize.

Pali chinthu chimodzi chokha cha ku Svalbard chimene mayi anga adachivomereza. M'phiri loyandikana ndi tauniyo adakumbamo nkhokwe ya mbewu za dziko lonse, yomwe idatsekulidwa mu 2008. Muli mbewu zosungidwa m'timapaketi toposa miliyoni imodzi: chimanga, mapira, khobwe, mpunga, zonse pa madigiri 18 kunsi kwa ziro, kuti nkhondo kapena chilala zikatha mbewu kwinakwake, eni ake akatengeko. "Anthu osalima akusunga mbewu? Amenewo ali ndi nzeru," adatero mayi.

Atabwera kutchuthi mu Ogasiti 2024, agogo akewo adamumangira nthanga za maungu pakansalu. Adawauza kuti kulibe poti n'kudzala. Iwo adati atenge basi. Zili m'kabotolo pawindo la chipinda chake, ndipo akuti mnzake wa ku Thailand amene amagona naye nyumba imodzi adafuna kuzikazinga.