Mankhwala othandiza sabata yoyamba, owononga sabata yachitatu

Ife ophunzira za uphunzitsi timauzidwa kuti mu labotale ana azivala magalasi otchinga maso. Koma sukulu zambiri zimene tidzatumizidwe zilibe magalasiwo, ndiye ine ndinafuna kudziwa chimene chimachitika diso likapsa kale.

Asidi amaopedwa kwambiri, komatu zoopsa kuposa iye ndi zinthu monga sodium hydroxide, sementi, ndi laimu yemwe ana amapatsidwa kuti apake makoma kukamabwera alendo. Asidi amaumitsa mnofu wapamwamba n'kudzitsekera njira, pamene izi zimasungunula mnofu n'kumalowerabe mkati. Kagalasi ka kutsogolo kwa diso, kotchedwa cornea, n'kokhuthala pafupifupi theka la milimita basi.

Chimene chinandidabwitsa ndi ma steroid odonthezera m'maso, monga prednisolone ndi dexamethasone. M'masiku 7 mpaka 10 oyambirira, madokotala amawapereka pafupipafupi chifukwa amaletsa kutupa. Maselo oyera a magazi akathamangira pachilonda amatulutsa timadzi todya cornea, ndipo steroid amawabweza. Koma ikafika sabata yachiwiri, diso limayamba kuluka collagen watsopano wotseka bala, ndipo steroid yemweyo amachedwetsa ntchito imeneyi. Ngati chilonda chapamwamba sichinatsekeke, cornea imatha kupyapyala mpaka kubooka. N'chifukwa chake dokotala amayamba kuchepetsa madontho pakati pa tsiku la 10 ndi la 14, ndipo nthawi zambiri amawonjezera vitamini C ndi doxycycline.

Apa ndiye pamene ndimada nkhawa ndi chizolowezi chathu cha kuhositelo. Munthu akachira, kabotolo amakasunga m'sutikesi, ndipo mnzake akafiira diso amamubwereka mwa chifundo chenicheni. Wobwerekayo sadziwa kuti lero ndi tsiku lachingati la bala, sangaone ngati chilonda chatsekeka, ndiponso sadziwa kuti steroid amatha kukweza mphamvu ya madzi m'diso ndi kukulitsa matenda a mafangasi. Madonthowo amaziziritsadi, diso n'kuyera, mpaka munthu kuona ngati ulendo wa kuchipatala ndi kutaya ndalama ya minibasi.

Gawo la mphunzitsi limabwera steroid asanatchulidwe n'komwe. Mwana akathiridwa laimu, ndimugoneka, kutsegula zikope ndi zala, ndi kuthira madzi oyera kwa mphindi 30 osalekeza, ngakhale akulira. Timibulu ta laimu totsalira pansi pa chikope timapitiriza kuotcha, choncho tiyenera kuchoka. Kenako apite kwa a maso tsiku lomwelo, ndipo ndimulembera papepala dzina la chomwe chamuotcha ndi nthawi yake.