Chambo cha m'kompyuta

Mapepala akanakhala kuti amadyedwa, ife a ku Mangochi tikanakhala anthu onenepa kuposa onse m'dziko muno. Nsomba zathu anaziwerenga mamba ndi mano. Ana athu anawayeza mikono ndi msinkhu. Amayi athu anawatenga magazi, ndipo nkhono za m'bango anazitolera m'mabotolo. Zonsezi zinalembedwa, mwaluso ndithu. Koma zili kuti, abale, nanga amaziwerenga ndani?

Inetu ndinakulira kufupi ndi nyanja ya Malombe, m'banja la asodzi. Ndili mnyamata tinkaona magalimoto a ofufuza akufika padoko, anthu akutsika ndi masikelo ndi zolembera. Ankafunsa bwino, nayamika, napita. Ife tinkangoti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, mwina tsiku lina adzatiuza zimene wapeza. Nditapita ku koleji ndinayesa kulondola mapazi awo. Nthawi imeneyo laibulale inali ya makadi a m'madirowa. Umapeza dzina la nkhani imene ukuifuna, koma magazini amene munali nkhaniyo anasiya kubwera kalekale chifukwa cha kusowa ndalama zakunja. Zolembedwa za doko lakwathu zinali kupezeka mosavuta ku London kusiyana ndi kuno.

Zinthu zinayamba kusintha chaka cha 2000 chitadutsa. Mu 2002 bungwe la WHO linatsegula HINARI, njira yoti maiko osauka aziwerenga pa intaneti magazini a kafukufuku wa zaumoyo, ena mwaulere ena pamtengo wotsika. Mu 2003 FAO inatsegula AGORA, ya zaulimi ndi zansomba. Chaka chomwecho malaibulale a kuno anapanga mgwirizano wawo wotchedwa MALICO kuti azigula pamodzi chilolezo chowerengera, ndipo mu 2005 anaimika madishi a setilaiti ku Chancellor, ku Bunda, ku College of Medicine ndi ku Yunivesite ya Mzuzu. Masiku ano HINARI ndi AGORA zili pansi pa dzina limodzi la Research4Life. Zimenezi ndi nkhokwe zenizeni, zodzaza mpaka kudenga. Kusiyana kwake n'kwakuti khomo lake limatsekulidwa ndi mawu achinsinsi amene amaperekedwa ku sukulu kapena ku bungwe, osati kwa munthu wamba.

Ndinali ndi mwayi wolowamo pamene ndinabwerera kusukulu ndili wamkulu kale, imvi zitayamba. Chimene chinandidabwitsa poyamba n'chakuti kompyuta sikudziwa kwathu monga tikudziwira ife. Ukalemba kuti "chambo" imakupatsa zochepa. Mayi wina wogwira ntchito m'laibulalemo anandiuza kuti, "Bambo, nsombayi ili ndi maina ambiri ngati wakuba. Aitaneni onse." Ankanena zoona. M'mabuku a lero chambo ndi Oreochromis, koma m'mabuku akale ndi Tilapia, ndipo panthawi ina chinkatchedwa Sarotherodon. Nyanja yathu kwa olemba akale ndi Lake Nyasa. Mangochi weniweniyu ndi Fort Johnston, dzina la linga limene atsamunda anamanga mu 1891. Usipa ndi Engraulicypris sardella, likodzo ndi schistosomiasis kapena bilharzia. Ukalumikiza mainawa ndi timawu tiwiri, AND ndi OR, uli ngati msodzi wosankha maso a ukonde: OR amakulitsa khoka kuti likole zambiri, AND amachepetsa kuti mutsale zimene ukufuna zokha. Safunsa anadya phula. Wophunzira wonyada amene safuna kufunsa a m'laibulale amatha sabata akukoka ndere.

Nditaitana maina onse, nkhokwe inatseguka. Ndinakumana ndi Ethelwynn Trewavas ndi anzake awiri amene anafufuza nsomba za nyanja ino mu 1939, lipoti lawo n'kutuluka mu 1942. Ndinakumana ndi Rosemary Lowe, mtsikana wa ku England amene anakhala kunyanja kuno kuyambira 1945 mpaka 1947 akuphunzira za chambo: mitundu yake, nthawi yake yoswana, ndi m'mene chachikazi chimasungira mazira ndi ana m'kamwa. Mu JSTOR ndinapezamo magazini akale a Nyasaland Journal, amene anayamba mu 1948. Ndinapeza malipoti a ntchito yofufuza za chambo imene boma ndi FAO anachita kuyambira 1988 mpaka 1992, nthawi yomwe chambo chinali kutha m'Malombe makoka a maso ang'onoang'ono atachuluka. Zimene bambo anga ankadandaula usiku akusoka matchera zinali m'menemo, zitavala manambala.

Ndinaonanso chinthu chimene chinandisangalatsa ndi kundiwawa nthawi imodzi. Mawu athu ali m'menemo. Mbuna, utaka, kambuzi, chilimira, nkacha, onsewa akatswiri a kunja amawalemba monga momwe timawatchulira padoko. Ndiye kuti panali wina wopalasa bwato amene anamuuza mzungu uja kuti iyi ndi nsomba yakuti, imaswana mwezi wakuti, imakonda malo akuti. Dzina la mphunzitsi ameneyo simudzalipeza pamwamba pa nkhani. Akamukumbuka kwambiri amangoti "asodzi a m'deralo". Basi.

Wina anganene kuti kudandaula kotere n'kwa anthu okhuta, mapepala sadzaza m'mimba. Tamverani izi. Kuyambira 1987 mpaka 1990 madokotala a kuno ndi a ku America anatsatira amayi oyembekezera masauzande angapo ku Mangochi kuti aone m'mene malungo amavutitsira mayi ndi mwana wa m'mimba. Anapeza kuti chloroquine sankawatetezanso mokwanira. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar ngati mankhwala oyamba a malungo. Magazi a amayi a kwathu anathandiza kusintha m'mene maiko ambiri amasamalira amayi apakati. Kodi ndi angati mwa amayi amenewo, kapena ana awo amene lero ndi akuluakulu, anauzidwapo zimenezi?

Nanga likodzo? Kale anthu ankati m'nyanja yaikulu mulibe, limangopezeka m'zithaphwi ndi m'madambo. Koma linadzachuluka ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe. Mu 1997 Jay Stauffer ndi anzake analemba kuti mwina chifukwa chimodzi n'chakuti nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka okokera kugombe, nkhono zonyamula likodzo n'kupeza danga. Pambuyo pake, cha m'ma 2017 ndi 2018, ofufuza anapeza m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi mtundu wina wa nkhono wofalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo ana a sukulu anapezeka nalo. Nkhani imeneyi ndi ya mayi wochapa panyanja, ya mwana wosambira, ya mwini khoka. Koma inalembedwa m'Chingerezi cholimba, cha anthu ovala makoti oyera, osati m'Chiyao kapena m'Chichewa.

Si zonse zili ndi loko, ayi. Malipoti ambiri a FAO ali poyera. Malawi Medical Journal aliyense angathe kuiwerenga mwaulere pa intaneti. PubMed imakuonetsa chidule cha nkhani popanda kulipira. Koma munthu amene akusankha pakati pa kugula mayunitsi a foni ndi kugula ufa sangatsitse lipoti la masamba 200. Ndipo angalitsitse, adzamutanthauzira ndani? Loko woyamba ndi ndalama, wachiwiri ndi chilankhulo, ndipo wachiwiriyu ndiye wolimba.

Apa ndi pomwe ndikufuna kulankhula nanu inu ophunzira a pa yunivesite, makamaka amene mumabwera kudzachita maphunziro a zaumoyo wa m'midzi ku Mangochi kuno, ndi inu a zansomba amene mumafika ku Monkey Bay. Mawu achinsinsi amene anakupatsani aja si anu nokha. Munawalandira m'malo mwa anthu ambiri amene sadzaponda pakhomo la laibulale. Werengani kuti mukhoze mayeso, palibe woletsa. Koma mukamaliza, tengani tsamba limodzi, mulembe m'chilankhulo cha kumudzi zimene mwapeza, mukapereke kwa a komiti ya padoko, kwa aphunzitsi, kwa a shehe ndi abusa, kwa a wailesi ya m'dera. Makomiti a padoko anayambira ku Malombe komweko mu 1993 kuti asodzi azisamala nyanja pamodzi ndi boma. Amauzidwa kuti atseke nyanja miyezi yakuti, kuti alande maukonde akuti. Akanamauzidwanso zifukwa zake zonse, monga momwe zilili m'nkhokwemo, mkangano wa padoko ukanachepa.

Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pafupi kutheratu. Ngati sitisamala, adzukulu athu adzachidziwa bwino lomwe chambo: maina ake onse atatu, kutalika kwake, mwezi wake woswana, chithunzi chake chokongola pa kompyuta. Chimene sadzachidziwa ndi fungo lake chili pamoto.