Kulawa Mowa ku Karonga, Dzulo ndi Lero

Botolo la Jack Daniel's likamafika pa shelefu ya bala ya pa Karonga Boma limakhala litayenda ulendo umene ambiri mwa omwera m'balamo sadzauyenda n'komwe. Limanyamuka ku Lynchburg, katauni kakang'ono ka ku Tennessee m'dziko la America, n'kuwoloka nyanja yamchere. Kuno limalowa mwina pa lole yochokera ku Lilongwe, mwina m'chikwama cha mnyamata wobwera ku Joni, mwinanso kudzera ku Dar es Salaam, Mbeya ndi Kasumulu mpaka pa mlatho wa Songwe. Masiku ano pali kagulu ka anthu, aphunzitsi opuma, ogwira ntchito m'mabungwe ndi amalonda a mpunga, amene amasonkherana ndalama zogulira botolo limodzi lotere kuti alawe ndi kukambirana, ena mpaka kulemba m'kope zimene lilime lawauza. Mmodzi mwa iwo ndi mlembi wa nkhani ino, amene anabadwira cha ku Kaporo dziko litangolandira ufulu. Iye amati chachilendo pamenepa ndi botolo lokha, kulawako anakupeza.

Ali mwana, mowa wa ulemu unali wa mawere. Unkafululidwa anthu akamawokera mpunga mothandizana, pa maliro, kapena ng'ombe za malowolo zikalowa m'khola. Mbiya inkakhazikidwa pakati, madzi otentha n'kuthiridwamo, amuna n'kukhala mozungulira aliyense ndi kabango kake koboola. Woyamba kuyamwa anali mwini mowa, kuti onse aone kuti mulibe choipa, kenako wamkulu wa pabwalopo. Mkuluyo sankathamangira kumeza. Ankausunga m'kamwa, n'kuyang'ana kumwamba kwa mtengo wa mango, anthu onse ali chete, ndiye n'kugamula: wapsa bwino, kapena chimera chachepa, kapena wagonera. Dzanja lofulula linkadziwika ndi mudzi wonse, ndipo mayi amene mowa wake wawawasa ankaimva mbiri yake kuchitsime m'mawa mwake.

Kachasu anali ndi malamulo akeake, ngakhale ankatchezedwa mobisa kuopa apolisi. Mlembiyu ankatumidwa nkhuni ndi azakhali ake, choncho ntchitoyi anaionera pafupi. Madeya a chimanga ndi shuga zinkaviikidwa mumgolo kwa masiku angapo mpaka thovu litasiya kuwira. Kenako zinkathiridwa mumbiya ya pamoto, kukamwa kwake n'kumatidwa ndi dothi kuti nthunzi isathawe. Nthunziyo inkadzera mumpope wodutsa m'chimtengo chogoba chodzaza madzi ozizira, n'kumadontha m'botolo kumapeto kwake. Moto ukakula, kachasu ankanunkha chipsereza. Madzi a m'chimtengomo akafunda osasinthidwa, mphamvu inkathawira m'mwamba. Azakhaliwo analibe chida choyezera china kupatula chala, lilime ndi machesi. Botolo loyamba, la mutu, ankalidonthezera pa chikuni cha moto kuti aone m'mene layakira. Otsatirawo ankawalawa limodzilimodzi mpaka pamene ankati basi, otsalawa ndi madzi. Kusakaniza mutu ndi mabotolo ofooka kuti velemoti iliyonse ikome mofanana linali luso limene makasitomala ankaliyendera mtunda.

Mowa wa m'mabotolo unabwera pang'onopang'ono. Fakitale ya Carlsberg ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, koma Green wozizira anali wa anthu a malipiro a pamwezi. Malawi Gin anali wa mabwana a kuboma ndi alendo a kunyanja. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu wa dziko lino anayamba kudzera kumpoto, ndipo malole anabweretsa Konyagi ndi Safari wa ku Tanzania pamodzi ndi zitenje.

Chimene chinapha kulawa ndi masacheti. Timapepala ta pulasitiki timeneti tinadzaza m'magolosale ndi m'maokala m'zaka za m'ma 2000, mtengo wake wosaposa wa mandasi angapo. Panalibenso bwalo, panalibe mkulu wogamula, ndipo wopanga sankadziwika nkhope. Munthu ankangoluma pakona, n'kufinyira kukhosi ataimirira, pepala n'kutaya pansi. Mlembiyu, amene nthawi imeneyo ankaphunzitsa kusekondale, ankatola timapepalato kuseri kwa zimbudzi za anyamata. Wakabaza ankatha kumwa tiwiri asananyamule munthu wa m'mawa. Zambia inaletsa tujilijili mu 2012, Malawi inaletsa masacheti mu 2015, Tanzania nayo inaletsa viroba mu 2017. Koma mowawo sunachoke, unangosamukira m'timabotolo ta pulasitiki ndi m'zigubu zopimira pa toti. Mu 2024 anthu anafa ku Blantyre atamwa mowa umene omwa okha anaupatsa dzina loti Ambuye N'tengeni. Amene amautcha mowa wake dzina lotere sakufunsanso za kakomedwe.

Mabotolo a ku America anayamba kuoneka kawirikawiri mgodi wa uranium wa Kayelekera utatsegulidwa mu 2009, makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa Boma. Kampani ya Paladin ya ku Australia inabwera ndi akatswiri akunja, malo ogona alendo anachuluka, lendi inakwera, ndipo eni mabala anaphunzira kusunga zimene alendowo ankafunsa. Mgodiwo unaima mu 2014 mtengo wa uranium utagwa, alendo ambiri anapita, koma mashelefu anali atazolowera kale.

Mlembiyu analawa bourbon koyamba mphwake atabwera ku Johannesburg ndi botolo la Jim Beam.

"Amalume, uwu si wogugudiza ayi. Muyambe mwanunkhiza," anatero mnyamatayo, akuthira pang'ono chabe pansi pa tambula.

"Iwe, ukundiphunzitsa kumwa ine?"

"Ayi amalume, pepani. Kungoti mtengo wake ndi matumba a mpunga."

Atawerenga za mowawu, mlembiyu anaseka yekha. Bourbon ndi mowa wotcheza kuchokera ku chimanga. Lamulo la ku America limati pa mbewu zonse zophikira, chimanga chisachepere 51 peresenti, ndipo zotsalazo kawirikawiri zimakhala rye kapena tirigu pamodzi ndi chimera cha barele. Potuluka mumpope, mowawo umakhala woyera mbee ngati kachasu wa azakhali aja, ndipo eni ake amautcha white dog. Kusiyana kumayambira pamenepo. Lamulo silola kuutcheza kupyola mphamvu ya 80 peresenti, kapena kuulowetsa mumgolo uli woposa 62.5 peresenti, kapena kuuika m'botolo uli wochepera 40 peresenti. Mgolowo uyenera kukhala watsopano, wa mtengo wa oak, wowauka ndi moto mkati mwake. Kukatentha, mowa umalowa m'thabwa; kukazizira, umatulukamo utatenga mtundu wofiirira ndi kutsekemera kwa mtengo wopserera. Kuti ulembedwe kuti straight, uyenera kugona mumgolo zaka zosachepera 2. Wolembedwa kuti bottled in bond umatsata lamulo la mu 1897, lofuna zaka 4 ndi mphamvu ya 50 peresenti, ndipo lamulolo linabwera chifukwa amalonda a nthawiyo ankathira fodya ndi mankhwala m'mowa kuti uoneke wokhwima. Nakonso kunali masacheti awo. Mu 1964 nyumba ya malamulo ya dzikolo inalengeza kuti dzina la bourbon ndi la mowa wa ku America kokha, ndipo wochuluka umachokera ku Kentucky.

Kagulu ka ku Karonga kamakumana pakhonde la mmodzi wa iwo madzulo, mphepo ya kunyanja ikayamba kuziziritsa. Botolo limodzi limatha miyezi. Ayezi salola, chifukwa amati amagoneka fungo, komanso magetsi a kuno sadalirika. Aliyense amapatsidwa toti imodzi ndi kapu ya madzi. Amayamba n'kuyang'ana mtundu, kenako kununkhiza kukamwa kuli kotsegula pang'ono kuti ukali usatseke mphuno, ndiye kadontho pa lilime. Akathiramo madontho awiri a madzi, fungo limasintha, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Mabuku a azungu amakamba za zipatso ndi maswiti amene kuno kulibe, choncho m'kope la gululi muli mawu a kwathu. Jack Daniel's analembedwa kuti nthochi yakupsa kwambiri ndi utsi wa makala, ndipo utsiwo suli patali ndi choonadi, pakuti mowawu umasefedwa m'makala a mtengo wa maple okuya mamita 3 usanalowe mumgolo. Maker's Mark, wa phula lofiira pakhosi uja, amene amaikamo tirigu m'malo mwa rye, anamulemba kuti uchi ndi chigumu chotentha. Wild Turkey 101, wa mphamvu ya 50.5 peresenti, mayi wina wa m'gululi anangomulemba kuti tsabola wa kambuzi.

Nkhani ina imene inakhalitsa pakhondepo ndi ya Nathan Green, wodziwika kuti Nearest, kapolo wachikuda amene anaphunzitsa Jack Daniel kutcheza mowa. Kampani ya Jack Daniel's inayamba kuivomereza poyera mbiriyi mu 2016, ndipo mu 2017 mayi wina wamalonda, Fawn Weaver, anayambitsa mowa wotchedwa Uncle Nearest. Kwa anthu okhala m'boma limene Mlozi, wogulitsa akapolo, anapachikidwa mu 1895, nkhaniyi siimveka ngati yakutali.

Chizolowezi cholawa mowa wa ku Americachi n'chodula, ndipo chikudulirabe. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masonkhedwe anakwera, ena anasiya. Palinso mabotolo achinyengo, odzazidwanso ndi mowa wotchipa wopaka mtundu. Gululi linagulapo lotere pa bala ina, ndipo woyamba kulizindikira anali mkulu amene anakulira pa kachasu, asanalawe n'komwe, pongonunkhiza.

Chimene chimam'nyansa mlembiyu ndi anzake ena amene amati akagwira tambula ya bourbon amayamba kunyoza kachasu ngati kuti ndi mowa wa mtundu wina. Zoona, kachasu woipa amapha, ndipo wa masiku ano ena amathiramo zinthu zosayenera kuti akalipe. Koma choperewera si luso. Uganda inakhazikitsa lamulo mu 1965 lopatsa ziphaso otcheza enguli kuti azigulitsa mowa wawo ku fakitale, imene inkautchezanso n'kukhala Uganda Waragi. Kenya inaloleza chang'aa mu 2010, bola apangidwe ndi kuikidwa m'mabotolo motsata muyezo. Kuno mayi wotcheza amangodziwana ndi boma tsiku limene mbiya yake ikuphwanyidwa, pomwe mowa wa m'zigubu wosadziwika mwini wake ukugulitsidwa masana pamsika.

Chaka chatha mlembiyu anapita kwa mayi wina wa cha ku Lupembe amene kachasu wake amatamandidwa, n'kumufotokozera za migolo yowauka ija. Anamupempha kuti apatule malita angapo, awasunge m'kamgolo ka thabwa zaka ziwiri, aone chimene chingatuluke. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, akusonkhezera moto, ndipo anafunsa mafunso a munthu wodziwa ntchito: thabwa la mtengo wanji losawawa, nanga wouma ndi dzuwa la Karonga udzakhala wochuluka bwanji. Atamva kuti ngakhale ku Kentucky mgolo umaphwera chaka ndi chaka, anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, shuga ameneyu ndatenga pa ngongole kugolosale, ndipo mwana akufuna fizi Lolemba. Ndikawauze kuti adikire zaka ziwiri?"