Ku Mafia, komwe nsomba imatalika ngati minibasi

Mukamva dzina loti Mafia, maganizo amathamangira ku zigawenga za m'mafilimu. Ayi ndithu, Mafia amene ndikunena ine ndi chilumba cha ku Tanzania, m'nyanja yamchere ya Indian Ocean, kumwera kwa Zanzibar, moyang'anizana ndi pomwe mtsinje wa Rufiji umathira m'nyanja. Kuchoka ku Dar es Salaam, kandege kamatenga pafupifupi theka la ola. Ife a matumba opepuka timakwera basi mpaka ku Nyamisati, kenako boti la maola angapo kukafika ku Kilindoni, tauni yaikulu ya pachilumbachi.

Chomwe chimakokera alendo ku Kilindoni ndi nsomba yomwe eni dera amaitcha papa potwe, pa Chingerezi whale shark. Padziko lonse palibe nsomba yoposa iyi kukula, ndipo ikakhwima imatha kupitirira mamita 10. Zambiri za ku Mafia n'zamphongo zosakhwima, koma kusakhwima kwakeko n'kwa nsomba yotalika ngati minibasi. Zimaoneka kwambiri kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale.

Nditalowa m'madzi, galasi losambirira lili kumaso, inatulukira chakumanzere kwanga, ikuyenda mosathamanga ngati mfumu yopita kubwalo. Msana wotuwa, madontho oyera mbee ngati nkhanga, kukamwa kuli yasa. Abale inu, mtima unagunda. Koma chinsombachi chilibe nazo ntchito za munthu. Chimameza madzi n'kuwasefa, kutsala ndi tizamoyo ting'onoting'ono toyandama, tomwe timachuluka m'derali. Madontho aja nawo ali ngati zidindo za zala: palibe ziwiri zofanana. Akatswiri amazijambula chapafupi ndi mutu n'kuzizindikira imodziimodzi, ndipo umu ndi momwe anadziwira kuti zambiri zimabwerera pagombe lomweli chaka ndi chaka.

Pamsana pa nsomba yomwe ndinaionayo panali chipsera chachitali. Wotiyendetsa anati ndi injini ya boti. Apa m'pamene pagona nkhani. Tizamoyo tomwe papa potwe amadya ndi tomwenso timakoka nsomba zing'onozing'ono zomwe asodzi amafuna, choncho iye ndi makoka amakumana malo amodzi. Onjezanipo maboti a alendo, aliyense akufuna kavidiyo ka pa TikTok. M'chaka cha 2016, bungwe la IUCN linaika nsombayi m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo choti zitha kutheratu. Imachedwa kukhwima, moti ikafa imodzi, yolowa m'malo mwake siibwera msanga.

Kum'mawa kwa chilumbachi kuli Chole Bay, mkati mwa Mafia Island Marine Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1995 ndipo ndi yoyamba ya m'nyanja ku Tanzania. Pansi pake pali makorali, omwe amaoneka ngati miyala yamitundumitundu koma ndi tizamoyo timene timamanga nyumba zake pang'onopang'ono kwa zaka zambirimbiri. Amene anasambirapo ndi mbuna ku Cape Maclear angaganizire zimenezo, koma nsomba zake zokulirapo. Pali parrotfish, ya mlomo wolimba, yomwe imakukuta makorali mpaka kumveka m'madzi, ndipo zomwe imatulutsa zimasanduka mchenga woyera. Palinso nsomba yonenepa, yamilomo yochindikala, yobisala m'mapanga, yomwe pa Chiswahili dzina lake ndi chewa. Nditamva dzinalo ndinaseka, n'kuwauza kuti nanenso ndine Mchewa.

Kale asodzi ena ankaphulitsa mabomba m'madzi amenewa. Bomba limodzi linkapha nsomba zazikulu ndi tiana tomwe, n'kuphwanya makorali omwe nsombazo zimaswanirana. Lero pakiyi ili ndi zigawo: kwina kusodza n'koletsedwa, kwina amaloleza eni dera okha ndi zida zovomerezeka. Kwa bambo amene ana ake amadya za muukonde, lamulo lotere limawawa, ndipo limamveka pokhapokha ndalama za alendo zikamafika m'mudzi.

Pa kachilumba koyandikana nako ka Juani, akamba a m'nyanja amaikira mazira mumchenga usiku. Anthu a m'mudzi amalondera zisazo, ndipo pakati pa Juni ndi Sepitembala alendo amapita kukaona tiana tikuthamangira kumadzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti gombelo limadzaza mabotolo ndi mapatapata omwe mafunde amabweretsa kuchokera kutali, ndipo tianato timavutika kudutsa.

Ndiye mukadzasunga kangachepe n'kupitako, sankhani boti la eni dera, lipirani ndalama yolowera m'paki mosanyinyirika, ndipo musanyamule korali kapena chigoba kupita nacho kunyumba. Papa potwe akatulukira, musamugwire, musamutsekere njira, mutalikirane naye mamita osachepera atatu. Foni ikalephera kujambula, musadandaule. Maso alipo.