Ulendo wa ku Limbuli: Mapale a M'munda

Sabata yatha tinakwera galimoto pa Boma la Mulanje kupita ku Limbuli, pa mseu wonka ku Muloza kumalire a Mozambique. Kudzanja lamanzere phiri linaima tsonga, minda ya tiyi iri mbee m'tsinde mwake. Pamsika tinapeza chinangwa, nandolo ndi amai ogulitsa miphika yadothi.

Pamene tinali kuyamika miphikayo, bambo wina wachikulire anati tikaone ina yoposa imeneyi. Anatitengera kumunda kwake natisonyeza mulu wa mapale amene khasu linatukula popanga mizere. Ena anali a milomo yochindikala, okhala ndi timizere tocheka mwaluso. Iye amangowaunjika pachulu, ana namaseweretsa.

Inu owerenga, mapale otere si zinyalala ai. Ku Chichiri, mu Blantyre, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 1966. Zambiri zimene tikudziwa za amisiri a makedzana zinachokera m'nthaka, m'manja mwa anthu ofukula zakale. Mmodzi wa iwo, Bwana Keith Robinson, anafukula ku Nkope m'boma la Mangochi, napeza miphika ina youmbidwa zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mpaka lero miphika ya mtundu umenewo imatchedwa ya Nkope. Iyeyu anayendanso kumpoto ndi kum'mawa kwa phiri lathu lomweli, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1977. Ku Mankhamba, m'boma la Dedza, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda, mkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale zochokera ku China pa mudzi wakale wa Amaravi.

Tsono chinsinsi cha ntchito yao ndi ichi: safuna phale lokha, afunanso malo ake. Amayesa kuya kwa dothi pamene lagona, natola makala a pambali pake, pakuti makala ndiwo amapimidwa kuti zaka zidziwike. Phale lochotsedwa pamalo pake liri ngati mlendo wosadziwa kwao. Angaliike m'galasi, koma silinganene kanthu.

Chifukwa chake mukapeza mapale ambiri, mikanda kapena zotsala za ng'anjo, musakumbe kufunafuna zina. Musagulitse kwa munthu wodutsa, ngakhale atchule ndalama zokoma, pakuti lamulo liletsa kutulutsa zinthu zakale m'dziko popanda chilolezo. Uzani amfumu, ndipo iwo adziwitse a ku ofesi ya DC.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje pakati pa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo akadzafunsa za anthu amene anaumba ndi kuphika kuno kale, tidzawasonyeza chiani ngati mapale atha kusweka?

Potsazikana, bamboyo anati chaka chino sadzalima pangodya pamene mapale achuluka, ndipo mawa lake adzalawirira kwa amfumu.