Nkhono za ku Mathiriro

Makolo athu adati madzi saiŵala khwaŵa. Ife a m'maboma a Machinga ndi Balaka mau ameneŵa timaŵaona akupherezeka dzinja lililonse. Mvula yogwa m'minda ya ku Balaka imatsata Rivirivi, nidutsa ku Utale, mpaka kukathira mu Shire. Yogwa m'mapiri a Malosa ndi Chikala imatsika ndi Domasi, Lingoni ndi timitsinje tina mpaka ku nyanja ya Chilwa. Koma madziwo sapita chimanjamanja ai. Amasenza dothi la m'mizere mwathu, ndoŵe za m'makola, zonyansa za m'zimbudzi zosefukira, ndiponso gawo lina la feteleza amene tidagula ndi thukuta lathu. Katundu yenseyu amakatulidwa kumathiriro, kumene mtsinje umafooka nuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Kumeneko ndiye kwao kwa tinkhono tating'ono timene ambirife timangotiponda osatiyang'ana n'komwe. Lero tiyeni tikambirane za tinkhonoti, pakuti umoyo wa ana athu wamangika pa ito kuposa m'mene tiganizira.

Tiyambe ndi nkhani ya kutali, kumene anthu ophunzira adakhala zaka zambiri akuŵerenga nkhono ndi kulemba zimene adaona. Ku dziko la Portugal kuli mtsinje wa Mondego umene umathira m'nyanja ya mchere ya Atlantic pa mzinda wa Figueira da Foz. Pamathiriro pake madzi ozuna a mumtsinje amasakanikirana ndi madzi a mchere, ndipo m'matope a pamenepo mudali udzu wa pansi pa madzi wotambalala ngati dambo. Mu udzumo mumakhala kankhono kotchedwa Hydrobia, kakang'ono ngati njere ya mpunga, koma kochuluka kotero kuti pa malo a mita imodzi mbali zonse pamapezeka zikwi makumi angapo. Nsomba ndi mbalame za kumeneko chakudya chao n'chomwecho.

Chakumtunda kwa mathirirowo kuli minda ya mpunga, monganso kwathu ku Domasi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 madzi ochokera m'mindamo adayamba kubweretsa feteleza wochuluka. Ndere zidaphuka mwamphamvu, nkuphimba udzu uja ngati bulangete. Mu 1986 udzuwo udali pa mahekitala 15. Pofika 1997 udatsala pa kamalo kosakwana ndi hekitala imodzi yomwe. Kumene udzu udatha, tinkhono tambiri topezekako tidali tiana tokhatokha, tosafika pokula ndi kuswana. Ndere zikafa ndi kuola, tinkhono tinkafera pamodzi nazo.

Kodi chakudya cha mbeu chingaphe bwanji zamoyo? Yankho lake mai aliyense alidziŵa: mchere ndiwo umakometsa ndiwo, koma ukapitirira ndiwo zimatayidwa. M'feteleza ndi m'ndoŵe muli michere iŵiri ikuluikulu, nayitrojeni ndi fosiforasi. Chitowe amene timabzalira ali nayo yonse iŵiri, ndipo m'thumba la yureya la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitrojeni. Micherei sisankha pogwira ntchito. Ikakhala m'munda imakulitsa chimanga, ikaloŵa m'madzi imakulitsa ndere ndi zomera za m'madzi. Poyamba zonse zimaoneka ngati mwai, pakuti nkhono zodya ndere zimapeza chakudya cha mwanaalirenji. Koma ndere zikachulukitsa zimatchinga dzuŵa, zomera za pansi nkufa. Tsono zofazo poola zimamaliza mpweya wabwino wa m'madzi, umene nsomba ndi nkhono zimapuma. Apo m'pamene madzi amada, matope nkuyamba kununkha ngati mazira oola.

Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, komabe mathiriro a ku Chilwa ngofanana ndithu ndi a Mondego. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amaloŵa ndi mitsinje, natuluka ndi dzuŵa lokha, ndipo n'chifukwa chake pakati pa nyanja amalaŵa mchere, makamaka m'chilimwe. Madzi ozuna amapezeka kumathiriro a Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, ndiponso m'madambo a njedza ozungulira nyanjayo. Kumeneko ndiko matemba ndi milamba imakwera kukaswana mvula ikagwa. Nyanja itaphwa mu 1968 ndi mu 1995, nsomba zimene zidapulumuka zidabisala m'maiŵe a mitsinje yomweyi, ndipo zidabwerera madzi atabwera. Chifukwa cha kuchuluka kwa mbalame zake, Chilwa ndiye dambo loyamba la m'Malaŵi kulembedwa m'pangano la maiko lotchedwa Ramsar. Koma nyanja yopanda khomo lotulukira ili ngati mphika wosatsukidwa: chimene chaloŵamo chimakhalira momwemo. Likangala amadza ndi zonyansa za mu mzinda wa Zomba, Domasi amadza ndi madzi otsala m'minda ya mpunga ya mahekitala ngati 500 imene idatsekulidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo zonsezi zimakumana m'njedza.

Apa ndiye pagona nkhani yathu. Madzi akaipa, nkhono sizivutika mofanana. Zilipo zopumira m'madzi monga nsomba. Zimenezi mpweya ukachepa zimafa msanga, monga zidachitira za ku Mondego. Koma zilipo zina zokhala ndi phapu, zimene zimakwera pa tsamba kapena pa phesi la njedza nkupuma mpweya wa kunja. Imodzi mwa izo ndi Bulinus, kankhono kaukulu wa nyemba, kachigoba kopyapyala. Mukakagwira nsonga ili kumwamba, khomo la chigobacho limayang'ana kudzanja lamanzere, pomwe nkhono zambiri limayang'ana kumanja. Magazi ake ngofiira ngati athu, ndipo amakathandiza kupirira m'madzi ochepa mpweya. Madzi akaphwa kamadzikwirira m'matope kudikira mvula. Kamakonda madzi odekha, ofunda, odzaza zomera ndi ndere. Kunena kwina, madzi amene feteleza wathu amakonza ndiwo madzi amene iko kamafuna. Ndipo kameneka ndiko kamasunga tizilombo ta likodzo.

Ulendo wa likodzo tiudziŵe bwino, abale. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo tiana take timasambira kufunafuna nkhono. Tikapanda kuipeza m'maora oŵerengeka timafa. Tikaipeza timaloŵa m'thupi mwake ndi kuchulukana, ndipo patapita mwezi kapena kupitirirapo nkhonoyo imayamba kutulutsa tizilombo mazanamazana tsiku lililonse. Timeneti timaboola khungu la mwana wosamba, la mai wochapa, la bambo wooka mpunga, la msodzi wokoka khoka. Nyongolotsi zikakula zimakhala m'mitsempha ya chikhodzodzo, ndipo mwana amayamba kukodza magazi. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye adayamba kuona nyongolotsizi ku Cairo mu 1851, ndipo mu 1915 Robert Leiper adatsimikiza ku Egypt komweko kuti popanda nkhono matendaŵa sangafale. Alipo ena amene mpaka lero amayesa magazi a mumkodzo wa mnyamata ndi chizindikiro cha kukula. Iai, ndi chilonda cha m'kati. Chimachepetsa magazi, chimafooketsa mwana m'kalasi, ndipo chikakhalitsa chimaononga impso ndi chikhodzodzo. Kwa atsikana ndi amai chimatha kuononga njira ya ubereki.

Kuti feteleza amachulukitsa nkhono zotere si nkhambakamwa. Akatswiri ena ku Florida, m'dziko la America, adaika nkhono za likodzo m'matanki a madzi pamodzi ndi zomera ndi tizilombo tina todya nkhono. M'matanki ena adathiramo feteleza, mwina mankhwala opha udzu, mwina mankhwala opha tizilombo. Zotsatira zake, zimene zidafalitsidwa mu 2018, zidaonetsa kuti feteleza ndi mankhwala a udzu amachulukitsa ndere zimene nkhono zimadya, pomwe mankhwala a tizilombo amapha adani a nkhonozo. Njira zonsezi zidathera pamodzi: nkhono kuchuluka.

Za adani a nkhonoŵa tili ndi phunziro pafupi pomwepa. Ku Chembe, ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, likodzo lidakula kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Ofufuza, Jay Stauffer ndi Henry Madsen pamodzi ndi anzao, adapeza kuti nsomba zophwanya nkhono ndi mano a kukhosi zidachepa m'mbali mwa gombe chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, ndipo nkhono ya mumchenga yotchedwa Bulinus nyassanus idachuluka. Tsono taganizani za mathiriro amene alandira feteleza kuchokera kumtunda, pomwe pansi pake anthu akukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe pogwiritsa ntchito masikito. Nkhono yapatsidwa nkhokwe, ndipo mlonda wachotsedwa pakhomo.

A ku Balaka tisayese kuti nkhaniyi nja anzathu a ku Mposa ndi ku Namanja okha. Aliyense woima pa mlatho wa Kamuzu Barrage ku Liwonde, umene udamangidwa mu 1965, amaona zilumba za zomera zikuyandama mu Shire. Pakati pa zomerazo pali namasupuni, amene kwao ndi ku South America. Duŵa lake n'lokongola, koma iye amanenepa ndi michere yomwe ija, ndipo mizu yake yolendeŵera m'madzi ndi pobisalira nkhono. Zomerazi zikadutsa zimakatseka makina a magetsi ku Nkula, n'chifukwa chake pa Liwonde padaikidwa chotchinga choti chizizigwira. Pamene Rivirivi ndi timitsinje tinzake timakumana ndi Shire, m'maiŵe otsala m'chilimwe ndi m'ngalande za madimba, m'momwemo ana athu amasambira.

Kodi tsono tinene kuti feteleza ngwoipa? Ndani anganene zotero m'dziko limene nthaka yatopa, ndipo banja limagulitsa mbuzi kuti lipeze thumba limodzi? Kuyambira pamene boma lidayamba makuponi mu 2005, mabanja ambiri adakolola zimene sakadakolola. Feteleza wokhala pa muzu wa chimanga ndi dalitso. Woipa ndi amene wathaŵa m'munda. Ameneyo timamlipira kaŵiri: poyamba ndi ndalama zimene zapita ndi madzi, kachiŵiri ndi magazi a mwana wa kumunsi. Ndipo mwana ameneyo kaŵirikaŵiri sitimdziŵa. Mlimi wa m'mbali mwa Chikala mwina sadzakumana konse ndi mai wochapa pa gombe la Mposa, komabe mtsinje waŵapanga anansi. Pamene timva za kukonda mnansi timaganiza za wa nyumba yoyandikana nayo. Mtsinje ukutikumbutsa kuti wakumunsi nayenso ndi mnansi.

Zoyenera kuchita si zachilendo, ndipo zambiri alangizi akhala akutiuza. Feteleza tizibaya dzenje pafupi ndi phando ndi kukwirira, osamwaza pamwamba mitambo itada. Mizere itsate akalozera, ndipo ngonyeka zigwire madzi m'munda. M'mphepete mwa mtsinje tisiye mpata wa bango, nsenjere, vetiva ndi mitengo, pakuti mizu yake imamwa michere isanafike m'madzi. Khasu likafika pagombe penipeni, sefa imeneyi yatha. Khola ndi chimbudzi zikhale kutali ndi khwaŵa, ndoŵe zipite kudzenje la manyowa. Ana tiŵaphunzitse kuti m'madzi sakodzeramo. Madzi osamba otunga kudambo akakhala mu ndowa masiku aŵiri, kapena akatenthetsedwa bwino, tizilombo ta likodzo timafa. Ndipo azaumoyo akabwera kusukulu ndi mankhwala a praziquantel, mwana adye kaye nsima kapena phala, amwe. Koma tikumbuke kuti mankhwala amachiza mwana, sachiza dziŵe. Akabwerera m'madzi omwewo amatenganso matenda.

Anzathu a ku Senegal adayesa njira ina yopatsa chidwi. M'kafukufuku wa m'midzi 16 ya m'chigwa cha mtsinje wa Senegal, amene adafalitsidwa mu 2023, anthu ovala nsapato zazitali ndi magolovesi ankazula zomera za m'madzi pa madooko potungira ndi pochapira. Nkhono zidachepa, ndipo likodzo la m'matumbo lidatsika pakati pa ana a sukulu. Zomera zozulidwazo sadazitaye: adapangira manyowa ndi chakudya cha ziŵeto, kotero kuti michere yothaŵa m'munda idabwerera kumunda. Imeneyi ndi ntchito yoti mudzi, komiti ya pagombe kapena mphakati ungaigwire mogwirizana ndi alangizi a zaumoyo, malinga pasapezeke woloŵa m'madzimo wopanda zodzitetezera.

Ku Mondego kuja zinthu sizidathere pa kuonongeka. Mu 1998 adachepetsa madzi a m'minda oloŵa kumathiriro, nakonza kuti madzi aziyenda bwino, natchinjiriza udzu wotsalawo. Patapita zaka zingapo udzu udayamba kubwerera pang'onopang'ono, ndipo tinkhono tidayambanso kufika pa msinkhu woswana. Madzi amachira ngati akumtunda aŵapatsa mpata. Koma Mondego ali ndi nyanja yaikulu yomtsuka kaŵiri pa tsiku, pomwe Chilwa wathu alibe womtsuka. Choncho ntchito yake iyenera kuyambira kumunda, pa phando limene tikuthirapo feteleza dzinja lino. Ndipo tsiku lina mukapita kudooko, tolani kachigoba kouma pamtunda, muone kumene khomo lake layang'ana. Likayang'ana kumanzere, ana asaloŵe m'madzi amenewo, ndipo kauzeni a zaumoyo.